Muno si Paukwati

Ku situdiyo kwanga, kuseri kwa msika wa pa boma,
anthu amabwera atapesa kale.
Akwati, ofuna ziphaso, ana a fomu folo,
a mikanjo yatsopano tsiku la Idi,
onse amandipatsa nkhope ndisanapemphe,
ena mpaka kuwonjezera ndalama kuti ndiwayeretseko khungu.
Zaka khumi ndi zinayi ndikungonena kuti
dzutsani chibwano, musaphethire.

Lero wouzidwa kusaphethira ndine.

Tinanyamuka pa Chowe mwazini asanaitane,
Abiti Ndembo, mlonda wa nkhalango, patsogolo
ndi jombo zong'ambika chidendene,
ine pambuyo ndi lenzi yobwereka,
nditaifukata ngati khanda la eni.
Namizimu anali asanavule nkhungu.

Kudambo kumacha kamodzi.
M'nkhalango kumacha ngati wobweza ngongole:
kadontho pa tsamba ili,
kachigamba pa tsinde ilo,
zotsalazo mubwere mawa.
Kamera yanga, yozolowera mababu atatu ndi nsalu yoyera,
inangoti diso tong'o,
kufufuza, kubwerera, kufufuzanso,
osapeza pogwira.

Kenako mawu, m'munsi mwa khwawa,
akuya, obwereza, ngati munthu wobuula m'tulo.
Abiti anandigwira mkono.
Ndinanong'ona, dzina lake ndani?
Anati, ukaitchula imamva.

Chala changa chinathamangira fulashi
monga mwa masiku onse.
Anaiphimba ndi chikhatho osandicheukira n'komwe.
Anati, muno si paukwati.

Ndiye ndinatsamira tsinde lonyowa,
zigongono nditakanikiza m'nthiti,
n'kutsegula diso la kamera mpaka pamapeto
kuti limwe kuwala pang'onopang'ono
ngati wodwala pomwa phala.
Kupuma ndinasiya.
Linthumbu linakwera m'buluku,
n'kuluma kuseri kwa bondo; ndinalileka.
Koma mtima suuzidwa kuti ima.
Umagogoda basi,
ndipo nkhalango yonse m'galasimo imagwedera nawo.

Inalipo.
Ndinali nditaiyang'ana nthawi yaitali ndisanaione:
yatifulatira, phee,
msana wobiriwira ngati masamba omwewo,
mchira utalendewera ngati suli wake.
Inapotoza khosi pang'ono,
diso limodzi pa ine,
diso losafunsa mtengo wa chithunzi.

Khethe!

Kaphokoso komwe ku situdiyo palibe amakamva
muno kanamveka ngati kuthyola nkhuni.
Chifuwa chake psuu,
khala lamoto loponyedwa mumdima,
basi.
Nthambi inatsala ikugwedeza mutu.

Tinakhalabe mpaka dzuwa linaboola denga la masamba.
Nduwaluwa zinatiseka zili pamwamba.
Pumbwa, amene sindinamufune,
anatera pambalambanda, kudzionetsa mbali zonse,
ngati makasitomala anga a Loweruka.
Patali nkhwangwa inayamba kutsokomola.
Nkhope ya Abiti inasintha;
anandilozera njira yotsikira ndi mlomo,
iye n'kulowera komwe kunkachokera chifuwacho.

Pa njinga ya kabaza, pobwerera,
ndinawerenga zomwe ndakolola:
zithunzi makumi asanu ndi limodzi kudza zitatu.
Nthambi. Nthambi. Mdima wa mchengamchenga.
Tsamba looneka bwino mpaka mitsempha yake.
Nthambi ina.
Chigongono cha Abiti.
Ndipo chimodzi chokha:
mzere wofiira utadutsa m'kubiriwira kwa bii,
wopanda mlomo, wopanda mapazi,
ngati wina wapukutirapo chala chamagazi.

Ndinachitsukitsa chachikulu.
Chili pakhoma, pakati pa ukwati wa a Mkwanda
ndi timu ya mpira ya ku Mpondasi.
Olowa amafunsa, ichi chinapsa?
Ena amati, mutijambule bwino ifetu, osati chonchi.
Ndimawakhazika pampando, kuyatsa mababu onse atatu,
dzutsani chibwano,
ndipo asanati amwetulire
ndimapezeka kuti ndasiya kupuma,
kuopa angauluke.